Wothamanga wa kunyanja aphunzire kutsika phiri

Achimwene ena a ku Nkhotakota andilembera pa imelo. Akuti m'mawa uliwonse amathamanga mumsewu wa M5, mpweya ali nawo, ndipo mtima uli pa mpikisano wa Porters Race, wothamanga pa phiri la Mulanje. Akufunsa ngati angamakonzekerere m'nkhalango ya Nkhotakota, poti phiri la Chipata lili momwemo.

Achimwene, m'nkhalangomo musalowe nokha. Kuyambira 2015 malowa akuyang'aniridwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mulinso akashembe, aja amafalitsa kaodzera. Woyenda pansi amaperekezedwa ndi mlonda wa nyama, osati kuthamanga ali yekhayekha.

Koma poganiza za phiri mwalasa. Mpikisanowu umayambira pa Likhubula, kukwera mamita oposa 1,000 kukafika ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsetsereka kubwerera pa Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20. Ambiri amaopa chitunda. Ine ndimaopa chitsetse. Pokwera, mukatopa mumayenda, manja pa maondo, ndipo palibe angakusekeni chifukwa ambiri amatero. Potsika ntchafu ndi zimene zimagwira mabuleki pa mwala uliwonse, ndipo ntchafu zozolowera phula lathyathyathya zimayamba kunjenjemera ulendo usanathe. Apa ndi pamene anthu amabinya akakolo. Mpikisanowu unayambira pa anthu onyamula katundu wa alendo okwera phirili, ndipo iwowa amatsika miyala yomweyo chaka chonse. Musayese liwiro lawo.

Choncho kawiri pa mwezi kwerani galimoto mupite ku nkhalango ya Ntchisi, mupeze wokulondolerani njira wa m'deralo. Kumeneko kuli mitengo yowirira, mizu yoterera ndi nkhungu. Muzitsika ndi masitepe aafupi, maso patsogolo pang'ono, osati pa zala zanu. Mukakhala ku Salima, timapiri ta ku Senga tingakuthandizeni masiku ena.

Chinanso ndi kuzizira. Mpikisanowu umachitika mu Julaye, nyengo ya chiperoni, ndipo thupi lozolowera kutentha kwa kunyanja limavutika msanga thukuta likazizira pamwamba paja. Tengani jekete yopepuka, nthochi, madzi osungunuliramo Thanzi ORS, ndi nsapato zamano kunsi zomwe mwathamanga nazo kale ku Ntchisi. Zatsopano zimatupitsa matuza musanafike n'komwe ku Chambe.