Za trimix, achimwene, musafulumire

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambe maphunziro a trimix, mpweya wosakaniza oxygen, nitrogen ndi helium umene anthu amapuma akatsika pansi pa madzi akuya kwambiri, popeza mwangomaliza kumene Open Water, maphunziro oyamba a kusambira pansi pa madzi ndi tanki ya mpweya, ku Cape Maclear. Ndinene mosabisa mawu: nthawi yake sinakwane.

Mpweya wamba umene timadzaza m'matanki uli ndi oxygen 21 peresenti, wotsalawo pafupifupi wonse ndi nitrogen. Mukatsika cha pa mamita 30, nitrogen uja amayamba kuledzeretsa mutu. Ine zinandichitikira ku Nkhata Bay: ndinayang'anitsitsa geji kwa kanthawi ndithu, manambala ndikuwaona bwinobwino koma osatolapo kanthu. Mu trimix amachepetsa nitrogen n'kuikamo helium, ndiye nzeru zimakhalabe m'malo pansi paja. Koma helium ndi wodula, ndipo pokwera pamafunika mwambo waukulu. Ukathamangira pamwamba, mpweya umatulutsa tinthovu m'magazi, munthu n'kupuwala.

Yambani ndi maphunziro a Advanced, otsatira pa Open Water, kenako a Nitrox (mpweya wokhala ndi oxygen wochulukirapo) ndi a Deep ofika mamita 40. Mulowe m'madzi kambirimbiri mpaka kuima phee pakati pa madzi kusakuvuteninso. Mukatero, fufuzani mlangizi wa TDI kapena IANTD, mabungwe ophunzitsa za trimix.

China chimene ife a ku Lilongwe timaiwala n'chakuti nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, pomwe Lilongwe wapitirira mamita 1,000. Kompyuta yanu yolowa nayo m'madzi muiike pa altitude kuti idziwe kuti muli pamalo okwera, ndipo mukatuluka m'madzi akuya musakwere galimoto tsiku lomwelo kubwerera kuno, chifukwa kukwera mtunda kumawonjezera chiopsezo chija. Gonani konko kunyanja, mudye chambo, munyamuke mawa lake.