Kodi tinene kuti mwana ali ndi "chotupa mu ubongo"?

Mayi wina wa ku Luchenza, amene amamasulirira makolo mawu a madokotala, wafunsa kuti: "Mwana amupeza ndi matenda a Schilder. Pa chithunzi cha MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) cha ku Queens pakuoneka chinthu ngati chotupa, koma adokotala akuti si chotupa. Makolowo ndiwauze chiyani?"

Mayi, liwu loti chotupa lipeweni. Kholo likamva "chotupa" limaganiza za khansa ndi opaleshoni, ndipo zina mungalankhule pambuyo pake sizilowanso m'khutu. Chichewa chimasiyanitsa bwino: chotupa ndi chinthu chomera, chokhala ndi thupi lakelake, pomwe kutupa kumachitika pa chiwalo chomwe chinalipo kale. Choncho nenani kuti "mbali ina ya ubongo yatupa, ndipo pa chithunzi ikuoneka ngati chotupa."

Povuta ndi pa myelin, mafuta okuta mitsempha ya ubongo kuti uthenga uzithamanga msanga, omwe matenda a Schilder amawawononga. Liwu limodzi lokhazikika tilibe. Ine ndimati "chikuto cha mitsempha", ngati pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Chikutocho chikawonongeka, mneni woyenera ndi kusupuka, monga khungu limasupukira munthu akapsa ndi madzi otentha. Musanene kuti "mitsempha yaduka". Mitsemphayo ilipo, yangotsala pamtunda, n'chifukwa chake uthenga umachedwa kapena kutayika panjira: mwana amafooka mbali imodzi, saona bwino, mutu umamupweteka, amasanza, nthawi zina amakomoka ngati wakhunyu.

Samalaninso ndi liwu loti mitsempha mukalitchula lokha. Kwathu kuno mtsempha ndi wa magazi, ndi wa kuchidendene womwe. Mukangoti "matenda a mitsempha", agogo aganiza za BP. Onjezani "ya ubongo" nthawi zonse.

Dzina la matendawa lisiyeni momwe lilili. Ndi la dokotala Paul Schilder, amene anawafotokoza mu 1912. Ndi matenda osowa kwambiri, ndipo amagwira makamaka ana a zaka 5 mpaka 14.

Za mankhwala, makolo amva mukati "diripi ya masiku 3 mpaka 5, kenako mapiritsi a prednisolone omwe amachepetsedwa pang'onopang'ono." Apa gogomezani pa liwu loti kuchepetsa, lisamveke ngati kusiya. Kholo likamva "kusiya" limamulekeza mwana mapiritsi mwadzidzidzi akangoyamba kusewera, pomwe thupi linazolowera mankhwalawo, ndipo mwana akhoza kufooka koopsa.