Inde, dziko likutenthadi, ndipo gwero lake ndi ife anthu

Achimwene, mwafunsa ngati kutentha kwa dziko n'koona kapena ndi nkhambakamwa chabe, poti kuno ku Mangochi kutentha n'kwakalekale. Zoonadi, Okutobala wa kuno sanazizirepo. Koma nkhaniyi si ya thukuta la masana amodzi ku Monkey Bay ayi. Ndi muyezo wa dziko lonse, ndipo ukuonetsa kuti latentha ndi digiri yoposa imodzi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Mpweya wa carbon dioxide umasunga kutentha ngati bulangeti. Anthu asanayambe kuwotcha malasha, petulo ndi dizilo mochuluka, mpweyawu unali pafupifupi magawo 280 pa magawo miliyoni a mpweya wonse wa mumlengalenga. Lero wadutsa 420. Ena amaloza chala dzuwa, koma masetilaiti akhala akuyeza mphamvu yake kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo siikukwera. Bungwe la IPCC, la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, linatsindika mu 2021 kuti palibenso chikaiko, ndi zochita za anthu.

Komabe tisamakankhire chilichonse kumeneko. Nyanja itasefukira mu 2024 mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ambiri anati ndi zomwezi, chonsecho nyanjayi imakwera n'kutsika kuyambira makedzana. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anasiya kutuluka kupita mu Shire. Chotsimikizika n'chakuti mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, ndiye namondwe ngati Freddy wa mu 2023 amakhuthula mvula yoopsa kuposa kale.

Chimandiwawa n'chakuti Malawi amatulutsa mpweya wa carbon dioxide pang'ono zedi, koma mvula imeneyi ikupeza mapiri athu titawameta chifukwa cha makala, madzi n'kutsika ndi matope molunjika m'minda.