Funsani Dokotala: Utsi wa fodya, mimba ndi ana aang'ono

A Dokotala, ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Ine fodya sindinamulawepo, koma bambo a kunyumba ndi msodzi ndipo amasuta kwambiri. Akachokera kunyanja m'bandakucha amayatsa ndudu m'chipinda momwe tagona, ati akuchotsa kuzizira. Mwana wathu wa zaka ziwiri chifuwa sichimutha. Ndikawadandaulira amati osuta ndi iwo, ine zikundikhudza pati? Kodi akunena zoona? Mayi wa ku Senga Bay

Mayi, sakunena zoona. Utsiwo mukupuma anthu anayi: iwo, inu, wa zaka ziwiriyo ndi amene ali m'mimbayo.

Mwana wosabadwa sapuma yekha. Mpweya wabwino ndi chakudya amazipeza m'magazi anu, zimadutsa pa nsengwa n'kumufika kudzera mu mchombo. Mu utsi wa fodya muli makemikolo oposa 7,000, koma pa nkhani ya mimba awiri ndiwo amatidetsa nkhawa kwambiri. Woyamba ndi nikotini, amene amafinya mitsempha moti magazi opita ku nsengwa amachepa. Wachiwiri ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mpweya umenewu umakakamira ku magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kopitirira ka 200. Ndiye taonani, magazi opita kwa mwana achepa, ndipo ochepawo anyamula mpweya wosakwanira. Mwana wotero sakula mmene akanakulira.

Ana a amayi osuta amabadwa opepuka ndi magalamu pafupifupi 200 poyerekeza ndi anzawo. Kwa inu amene mukupuma utsi wa munthu wina, kuchepako sikufika pamenepo, komabe kulipo, ndipo chiopsezo chobereka mwana wosakwana makilogalamu 2.5 kapena wakufa kale chimakwera. Ku Malawi kuno vuto la ana obadwa masiku asanakwane ndi lalikulu kale. Lipoti limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi anzake linatulutsa mu 2012 linaika dziko lathu patsogolo pa mayiko onse, ndi ana 18 mwa 100 aliwonse obadwa masabata 37 asanakwane. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo inu a m'mbali mwa nyanja mumadziwa mmene malungo ndi kuchepa kwa magazi zimavutira amayi apakati. Zimenezo n'zovuta kuzithetsa. Utsi wa m'chipinda ungathe mawa lomweli, munthu mmodzi atangovomera kutuluka panja.

Tsono za wa zaka ziwiriyo. Ana amapuma mofulumira kuposa akulu ndipo njira zawo za mpweya n'zing'onozing'ono, choncho utsi umawapweteka msanga. Ana okulira mu utsi wa fodya amadwala chibayo pafupipafupi, mphumu imawavuta, ndipo ambiri amatuluka mafinya m'khutu. Ngati chifuwacho chadutsa masabata awiri, mupite naye kuchipatala akamuyeze, ndi chifuwa chachikulu chomwe. Usiku uno akagona, mukweze kamalaya kake muyang'ane pachifuwa. Mukaona kuti m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akupuma ka 40 kapena kupitirira pa mphindi imodzi ali phee, musadikire tsiku la sikelo. Nyamukani nthawi yomweyo.

Bambowo muwauze kuti ndudu siichotsa kuzizira. Nikotini amafinya mitsempha ya pakhungu, ndiye manja ndi mapazi zimazizira kwambiri. Chimene thupi lawo likufuna atachezera pa nyanja ndi zovala zouma ndi tiyi kapena phala lotentha. Kusiyiratu fodya ndiye kwabwino, koma musayambe ndi nkhondo imeneyo. Yambani ndi pempho limodzi: m'nyumba musalowe utsi. Kutsegula zenera sikukwanira, chifukwa zotsalira za utsi zimakakamira mu neti, m'zofunda ndi m'zitenje zimene mudzafunditse khanda. Azisutira kutali ndi khomo, ndipo asambe m'manja n'kusintha malaya asananyamule mwana. Ulendo wa sikelo ukubwerawu mupite nawo, amve okha kwa anamwino. Zimandipweteka kuti mawu omwewo mayi akawanena kunyumba samveka, koma ngati yunifolomu ndi imene ingathandize, tiigwiritse ntchito.

Khandalo likadzabadwa lizigona chagada, pamalo pakepake pafupi ndi inu, m'neti, osati pambali pa munthu wosuta. Makanda okhala mu utsi ali pa chiopsezo chachikulu kuposa anzawo chomwalira mwadzidzidzi ali m'tulo osadwala. Ndipo ngati mumawamba nsomba, utsi wa nkhuni nawo si wabwino kwa inu pakali pano. Muzikhala mbali yochokera mphepo, mwana asakhale kumbuyo.

A Dokotala, ndine mtsikana wa zaka 22, ndimagwira ntchito pa malo ena ogona alendo. Ndudu ndinasiya chaka chatha, pano ndimakoka vape, ndudu yamagetsi ija. Anzanga akuti ndi nthunzi chabe ya madzi onunkhira. Ndangozindikira kuti ndili ndi mimba ya miyezi iwiri. Ndipitirize? Wa ku Kamuzu Road, Salima

Mwachita bwino kufunsa msanga, chemwali, ndipo munachitanso bwino kusiya ndudu. Koma vape nayo muisiye.

Zimene zili m'kabotolomo si madzi. Ndi mankhwala a propylene glycol ndi glycerine, zonunkhiritsa, ndipo pafupifupi nthawi zonse nikotini, kawirikawiri wamphamvu ndithu. Ena amalemba kuti mulibe nikotini, koma atawayeza anapezeka kuti alimo, choncho zolembedwa pa paketi musazidalire. N'zoona kuti vape siyaka moto, ndiye phula ndi carbon monoxide si zambiri ngati za ndudu. Pamenepo ndi pomwe anzanuwo agwira. Koma mwana wanu sitikumuyerekeza ndi munthu wosuta ndudu. Tikufuna akule m'magazi opanda nikotini, chifukwa nikotini amadutsa pa nsengwa n'kusokoneza kakulidwe ka ubongo ndi mapapo, ndipo miyezi muli inoyi ndi imene ziwalo zake zikuumbika. Vape ya masiku ano inayamba ku China mu 2003 chabe. Palibe dokotala woona mtima amene angakuuzeni kuti zonunkhira za mango kapena timbewu zimene mukukokera m'mapapozo n'zabwinobwino kwa mwana wosabadwa.

Nkhani yabwino ndi yakuti nthawi ikadalipo. Amayi amene amasiya m'miyezi itatu yoyamba amabereka ana olemera pafupifupi mofanana ndi a amayi osasuta. Sabata yoyamba idzakuvutani: mutu, kukwiyakwiya, kusowa tulo. Pakatha masabata awiri kapena anayi zimapepuka. Chibaba chikabwera chimatha pa mphindi zochepa, ndiye imwani madzi, tafunani mtedza, tulukani muyendeko. Kachipangizoko mukataye lero, musakasunge m'chikwama kuti mwina. Mukakanika, musabwerere ku ndudu, ndipo shisha ya kuntchito kwanuko, fodya uja wokokera pa paipi yodutsa m'madzi, musaiyandikire, chifukwa makala ake amatulutsa carbon monoxide wambiri ndipo madzi aja sasefa poizoni. M'malo mwake kawauzeni anamwino mosabisa. Sikelo muyambe sabata ino, musadikire kuti mimba ioneke.

Kwa onse amene muli ndi ana m'nyumba: madzi a vape amanunkhira ngati switi, ndipo mwana wamng'ono atamwa angakomoke kapena kumwalira. Zikachitika musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala mutatenga kabotoloko.

A Dokotala, apongozi anga akundipatsa fodya woika m'kamwa kuti nseru ndi malovu zithe. Akuti iwo anachita zomwezo pa mimba zawo zonse ndipo palibe chinachitika. Mayi wa ku Khombedza

Apongozi anu akufuna kukuthandizani, muwathokoze, koma fodyayo musalandire. Wa m'kamwa ndi wofwenkha alibe utsi, koma nikotini wake amalowa m'magazi kudzera m'nkhama ndi m'mphuno n'kukafika kwa mwana chimodzimodzi. Amawonjezera chiopsezo chobereka masiku asanakwane ndi chobereka mwana wakufa, ndipo kwa inu amawononga nkhama n'kuyambitsa khansa ya m'kamwa. Za nseru, idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, yambani ndi kachakudya kouma musanadzuke, ndipo tiyi wa jinja amathandiza. Ngati mukusanza chilichonse ngakhale madzi, pitani kuchipatala. Mukaopa kuwayankha apongoziwo, amuna anu ndiwo akalankhule ndi mayi awo.

A Dokotala, nyengo yothyola fodya ine ndi akazi anga timapita ku ganyu ku Dowa. Chaka chatha mwana wathu wa zaka 11 ankatithandiza ndipo ankasanza ndi kumva chizungulire madzulo. Kuchipatala malungo sanamupeze. Chaka chino mayi ake ndi oyembekezera. Bambo wa ku Chipoka

Bambo, zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda obwera chifukwa chogwira fodya wamuwisi. Masamba akanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunuka n'kulowa pakhungu, makamaka m'manja ndi m'khwapa momwe othyola amapanira masamba. Munthu amayamba nseru, mutu, chizungulire ndi kufooka, ngakhale sanasutepo. Ana amavutika kwambiri chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Lipoti la mu 2009 la bungwe loona za ana la Plan lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi linati pa tsiku lachinyezi mwana angalowetse m'thupi nikotini wofanana ndi wa ndudu 50.

Ndikudziwa kuti ganyu ameneyu ndiye amagula chimanga pakhomo panu, ndipo sindikukuuzani kuti musapite. Koma mwanayo asagwirenso fodya, atsale kwa achibale azipita kusukulu. Mayi ake asathyole, asasoke masamba aawisi ndipo asagone m'chigafa. Inuyo muzidikira mame aume, muvale malaya a manja aatali ndi pulasitiki pamwamba, malaya akanyowa musinthe, ndipo musambe ndi sopo musanadye. Musananyamuke, mayiwo atenge buku lawo la kuchipatala kuti akapitirize sikelo komweko ku Dowa.