Kwa achimwene ofuna kupalasa njinga kuchoka ku Kasungu kukafika ku Nyika

Achimwene, mwafunsa ngati njinga yanu ya kabaza ingakufikitseni ku Chelinda, m'kati mwa paki ya Nyika, kuchokera pa Kasungu boma. Ingafike ndithu, koma nkhawa yanga ili pa mabuleki, osati pa miyendo yanu.

Kuno kwathu n'kwachidikha. Munthu amapalasa mpaka pa Chatoloma kapena Nkhamenya osazindikira kuti maraba a buleki anatha kalekale. Mukapitirira pa Jenda, msewu wa M1 umalowa m'mapiri a Viphya, ndipo mtunda uliwonse womwe mwakwera umakhala ndi mtsetse wake. Kaliyala ikalemedwa ndi katundu, njinga imakukankhani kumbuyo. Mukagwira buleki osasiya, limu imatentha moti simungayikhudze, raba n'kumanyenyeka, ndipo kukanyowa sigwiranso n'komwe. Gwirani n'kumasiya, gwirani n'kumasiya. Pomwe patsetsereka kwambiri tsikani muziyikoka, palibe angakusekeni. Ikani maraba atsopano musananyamuke, ena mutenge m'thumba limodzi ndi machubu, zigamba, guluu, pampu ndi masipoko angapo.

Ku Chikangawa samalani ndi chifunga. Woyendetsa thiraki ya matabwa amakuonani atafika kale pamsana panu, choncho valani chowala, ikani getsi kumbuyo, ndipo dzuwa likamapendeka mukhale mutapeza kale pogona. Kuchoka ku Kasungu kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 240, musawathamangire.

Pa Rumphi gulani zonse zomwe zikusowa, chifukwa mukadutsa Bolero okonza njinga amayamba kusowa. Kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100, ndipo gawo lalikulu ndi msewu wafumbi. Pa geti la Thazima funsani alonda a paki ngati angakuloleni kupalasa nokha. Kumeneko kuli njovu, ndipo zomwe angakuuzeni mutsatire, chonde.

Chelinda ali pamtunda wa mamita opitirira 2,000. M'miyezi ya June ndi July kumacha udzu uli mbuu ndi chisanu, zala n'kumakanika kufinya buleki. Juzi ya ku Kasungu yokha siyokwanira, tengani jekete lochindikala, magolovesi ndi bulangeti. Mpweya nawonso ndi wochepa, mudzadabwa mukupuma wefuwefu pa kamtunda kakang'ono.

Ine ndikanasankha September, fumbi lilipo koma mvula isanayambe kuwononga msewu. Ndipo pezani mnzanu woti mupite naye, chifukwa netiweki m'pakimo ndi yosadalirika.