Xol sanafe aise, akudyera m'manja mwako

Wafunsa kuti Xol wa mu Destiny 2 uja ndi mulungu wanji woti tinangomugwetsa ndi mikondo ingapo ku Mars basi nkutha. Ndikuyankhe ine poti gemu imeneyi inandidyera ma bundle osawerengeka nthawi ija ndinkakhala ku Area 25, kumadikira magetsi ayake pakati pa usiku kuti ndisewereko kkkk.

Nkhani imayambira ku Fundament, chidziko cha mpweya ndi nyanja, kumene kunali kamtundu kofooka kongokhala zaka 10 kenako maliro. Ana aakazi atatu a mfumu, Aurash, Sathona ndi Xi Ro, bambo awo ataphedwa anathawa pa chombo mpaka anakamira pansi penipeni pa nyanja, Leviathan, chilombo chachikulu cha m'nyanjamo, anawachenjeza ali m'njira koma mwana wa mfumu akakwiya samva za munthu, ndiye kumeneko anakapeza zinyongolotsi zisanu zomwe ndi milungu, Yul, Eir, Ur, Akka ndi Xol yemweyu. Zinawauza kuti mezani mphutsi zathuzi simudzakalambanso, mphamvu mudzakhala nazo, koma muzizidyetsa osalekeza, mukadzangosiya zidzakudyani inuyo kuyambira mkati. Ndiye vuto lake ukamakula mphamvu nayo njala ya mphutsiyo imakula. Aise si kukhwima komwe kuja timamva kumudzi uku? Njoka yobweretsa ndalama koma ikufuna magazi chaka ndi chaka, ukaphonya imayambira iwe mwini wake. Katapila weniweni, chiwongoladzanja chake sichitha. Atatu aja ndi amene anadzakhala Oryx, Savathûn ndi Xivu Arath, mtundu wawo uja nkusanduka a Hive, ndipo a Hive onse amapha ngati akutolera msonkho, wamng'ono amadyetsako mphutsi yake zotsala nkupereka kwa bwana wake, mpaka zikafike kumwamba kwa akuluakulu.

Kuphedwa kwa milungu imeneyi si zachilendo ayi. Oryx anapha Akka nkumulanda chinsinsi chopangira ma Taken (adani ogwidwa nkusandutsidwa asilikali ake), ndipo chi Dreadnaught, chichombo chake chija cha mu The Taken King (chigawo cha Destiny yoyamba) ya 2015, anachisema kuchokera ku thupi la Akka.

Tsono Xol pagulu lonselo ndi amene anali wofooka, iyenso ankadziwa, nchifukwa chake anagwirizana ndi Nokris, mwana wa Oryx amene anathamangitsidwa chifukwa choukitsa akufa, chinthu choti kwa a Hive ndi mwikho waukulu. Anapita ku Mars, Rasputin, kompyuta yankhondo yoteteza anthu, anawaumitsa pansi pa ayezi ku Hellas Basin mpaka anadzatuluka mu chigawo cha gemuyi chotchedwa Warmind mu 2018. Apa ndikuvomereza, ndewu ija Bungie, opanga gemuyi, anaiphika mwachangu, nanenso ndinadandaula. Koma chaka chomwecho kunatuluka mishoni yobisika ku Io, mwezi wa Jupiter, ukaimaliza umalandira mfuti ija ya Whisper of the Worm, ndiye mfuti imeneyo ndi Xol amene. Mdalayu anaona kuti palibe amene akupha zinthu zambiri kuposa ife osewera, ma Guardian, ndiye bwanji azilimbana nafe pomwe atha kungokhala kumsana kwathu kumadya chilichonse chomwe tawombera? Iwe ukuti unamupha, iye akuti anapeza wantchito wosalipidwa.

Chinanso, mu chigawo cha The Witch Queen cha 2022 tinadzamva kuti nazonso zinyongolotsizo ndi akapolo chabe, Rhulk, mtumiki wa Witness, anagwira mayi wawo Xita nkupita naye, ndiye zinkagwirira ntchito Witness, mdani wamkulu wa nkhani yonseyi.

Warmind anaichotsa mu gemu mu 2020 ndiye ndewu ya ku Mars suyipezanso, koma mishoni ya Whisper anaibwezeretsa mu 2024. Ukafuna kukatenga mfutiyo undiuze tilowe limodzi Loweruka, kulumpha kwa mmenemo wekha ungaphwanye controller.