Kope la chojambula chotchuka: ndigule kapena ndisiye?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo. Mwachidule akuti: "Ndaona pa intaneti akugulitsa chithunzi cha The Starry Night cha Van Gogh. Akuti anasindikiza zochepa chabe, ndipo chilichonse chili ndi nambala yake ndi satifiketi. Kodi ndikagula, mtengo wake uzidzakwera? Nanga poti zojambula zonse tikuziona pafoni, ku myuziyamu n'kokatani?"

Mayi, zikomo pondilembera. Za mtengozo ndisakunamizeni: sudzakwera. Van Gogh anajambula The Starry Night mu 1889 n'kumwalira mu 1890, ndipo chojambulacho n'chimodzi chokha, chili ku Museum of Modern Art ku New York. Chimene mwaonacho ndi foto yake yotuluka m'makina. Nambala ija walemba ndi wogulitsa, satifiketi wadzilemberanso yekha, ndipo zikatha akhoza kungosintha kukula kwa pepala n'kuyambanso kuwerenga pa 1. Ngati chakukomerani m'maso, gulani kuti muzisangalala nacho pakhoma, koma musalipire ndalama yoonjezera chifukwa cha nambala.

Chimasokoneza anthu n'choti zilipo zodindidwa papepala zimene ndi ntchito yeniyeni ya mmisiri. Rembrandt, wojambula wa ku Netherlands, ankazokota chithunzi pa mkuwa, kupakapo inki, n'kudinda. The Great Wave ya Hokusai wa ku Japan, ya cha m'ma 1831, inadindidwa ndi matabwa osemedwa. Pamenepo palibe "choyambirira" chimene ena akukopera; pepala lililonse lodindidwa nthawi imeneyo ndi ntchito yeniyeniyo, n'chifukwa chake zimadula. Komabe ngakhale kumeneko siginecha payokha siyokwanira. Salvador Dalí, wojambula wa ku Spain, anasaina mapepala ambirimbiri opanda kanthu, ndipo mpaka lero ogula zosindikiza za dzina lake amayenda mosamala.

Tsono ngati mwaganiza zogula kope, funsani za inki ndi pepala musanafunse china chilichonse. Mudzaona mawu oti giclée paliponse. Kwenikweni ndi kusindikiza ndi makina opopera timadontho ta inki, ndipo aliyense akhoza kulemba mawuwo pamalonda ake. Chofunika n'choti inkiyo ikhale ya pigment (ya ufa wa utoto wosasungunuka) osati ya dye (ya utoto wosungunuka), chifukwa ya dye imasuluka msanga ikamaombedwa ndi kuwala. Pepala likhale la thonje, lopanda asidi. La asidi limasanduka lachikasu pakapita zaka. Wogulitsa amene sakutha kukuuzani dzina la pepala lake, ine ndimangomusiya. Mapositala wamba amasindikizidwa ndi mitundu inayi yokha ya inki, ndipo mukayang'ana ndi galasi lokuzira zinthu mudzaona madontho ali m'mizere. Sikuti ndi oipa, bola mulipire mtengo wa positala.

Onaninso kukula kwa foto imene asindikizirayo. Kuti chithunzi chioneke bwino muli pafupi, osindikiza amafuna ma pixel (timadontho timene timapanga foto) 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza kuti chithunzi cha masentimita 60 m'lifupi chimafuna ma pixel pafupifupi 7,000. Ambiri amangotola kafoto kakang'ono n'kukakoka, mizere n'kuchita chimbuuzi. Ena amadula m'mbali kuti chikwane mufelemu imene ali nayo, chomwe kwa ine ndi chipongwe kwa wojambula.

Pali njira ina imene ogulitsa sangakuuzeni. Rijksmuseum ya ku Amsterdam inayamba mu 2012 kupereka mafoto akuluakulu a zojambula zake kwaulere, ndipo Metropolitan Museum of Art ya ku New York inachitanso chimodzimodzi mu 2017 ndi zithunzi zoposa 375,000. Mukhoza kutenga foto kumeneko n'kupita nayo kwa wosindikiza waluso, pepala n'kusankha nokha. Izi zimatheka ndi ntchito zakale zokha. M'maiko ambiri umwini wa ntchito umatha pakadutsa zaka 70 mwiniwake atamwalira, choncho za Picasso, amene anamwalira mu 1973, zikadali ndi eni ake.

Mukachiika mufelemu, pepala lisakhudze galasi, ndipo khoma lake lisakhale loombedwa ndi dzuwa kapena lachinyezi.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landigwira mtima kwambiri, chifukwa yankho lake likukhudzanso chimene muyenera kugula. Foni imasandutsa zojambula zonse kukhala za msinkhu umodzi. Mona Lisa, ku myuziyamu ya Louvre ku Paris, ndi yaing'ono: masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi, yojambulidwa pa thabwa. The Night Watch ya Rembrandt, ya 1642, imaposa mamita 4 m'lifupi, anthu ake ngati mungawagwire chanza. Pafoni ziwirizi zimangofanana. Ndiye pali khungu la chojambula. Van Gogh ankaunjika penti mochindikala mpaka kupanga timizere totumphuka, ndipo mukasuntha pang'ono kuwala kumasintha pa timizereto. Pepala losalala silingasunge zimenezo. N'chifukwa chake, kunena zoona, The Starry Night ndi chimodzi mwa zojambula zimene zimataya zambiri zikasindikizidwa, pamene ntchito zobadwira papepala, monga za Hokusai, zojambula za pensulo kapena za penti wamadzi, zimatuluka pafupi kwambiri ndi zenizeni. Ndikanakhala inu ndikanayambira kumeneko.

Chionetsero chapadera chili ndi ubwino wina: chimasonkhanitsa ntchito zimene zimakhala m'maiko osiyanasiyana. Mu 2023 Rijksmuseum inaika pamodzi zojambula 28 za Vermeer, wojambula wa ku Netherlands amene ntchito zake zodziwika sizifika 40, ndipo matikiti anatha m'masiku ochepa. Zikatero mumaona mmene dzanja la munthu mmodzi linkasinthira. Koma musamangodikira zikuluzikulu zotere. Magalare aang'ono oonetsa ntchito za ojambula amoyo ndiwo malo amene mungapeze chodinda chenicheni, chosainidwa ndi mwiniwake ali pompo, n'kumufunsa kuti anadinda zingati ndipo anadinda bwanji.

Mukalowa mu myuziyamu musalimbane n'kuona zonse, miyendo idzatopa maso asanaone kanthu. Sankhani zojambula zochepa, muime patali, kenako pafupi, ndipo kachikwangwani kofotokoza muwerenge mutayamba mwayang'ana nokha. Ngati kope lake akugulitsa m'sitolo ya myuziyamuyo, liyerekezeni ndi chenichenicho mitundu ikadali m'maso mwanu. Ndipo ngati mukutsata ntchito inayake ya papepala, yambani mwafufuza ngati ili pakhoma: zoterezi zimaonongeka ndi kuwala, choncho amazionetsa kwa miyezi yochepa m'chipinda cha kuwala kochepa, kenako n'kuzibwezera kosungira.